Mayi Nangozo ndi Utsi wa pa Siteji

"Usiku wathawu ndalota zotopetsa, anzanga, ndadzuka thupi lonse likuphwanya ngati ndimalima," anatero mayi Nangozo akuyala nthochi patebulo lawo pa siteji ya maminibasi. Anzawo awiri ogulitsa mtedza anasendera pafupi. Onse ankadziwa kuti mayiwa amadwala mphumu, ndiponso kuti mwana wawo Yotamu anakhalako kundende atapezeka ndi ndudu imodzi ya chamba m'thumba la malaya. Chitulukireni sanalembedwenso ntchito, amangoitanira maminibasi pa siteji yomweyo.

M'malotomo mayi Nangozo anali pomwepo patebulo, dzuwa likuswa mtengo. Wailesi ya m'golosale inalengeza kuti chamba chaloledwa, kusuta si mlandunso. Ndiye utsi unangoti tolo siteji yonse. Makondakitala ankasuta, ometa tsitsi ankasuta, maminibasi nawo ankayenda mwaulesi akuseka okha. Yotamu anadutsa akuyenda mowongoka, osacheukacheuka ngati kale, ndipo mtima wa mayi ake unakhala pansi. Koma chifuwa chawo chinayamba kulira ngati kamwana ka mphaka.

Ndiye phava la nthochi linadzutsa mutu patebulopo.

"Mayi, ife utsiwu ukutiwamba ngati milamba. Akuti lero aboma akumva maganizo a anthu pa za malo osutira. Mukatiyankhulireko."

"Ndatopa ine. Apite ena."

"Enawo apita kale. Mwatsala ndinu."

Mwadzidzidzi anapezeka ali m'holo yaikulu yopanda denga, anthu a tauni yonse ali pamzere. Aliyense anasenza maganizo ake pamutu, omanga pansalu. Maganizo a mayi Nangozo anali kamtolo kakang'ono, koma kolemera ngati thumba la mchere lonyowa. Kutsogolo kunali makomo awiri. Pa lina analemba kuti AMANGIDWE, pa linalo ASUTE PALIPONSE, ndipo pakati panakhala bwana wa tayi yofiira.

Mkulu wina wa mpingo anaponya mtolo wake pakhomo loyamba akunena kuti dziko lapita. Bambo wina wa madiredi anaponya wake pa lachiwiri, akuti agogo ake ankasuta m'munda ndipo anamwalira mano onse ali m'kamwa. Mzere unkayenda, koma mayi Nangozo akaponda patsogolo ankapezeka ali pambuyo. Anafika miyendo itatupa.

"Inu mayi, khomo liti?" anafunsa bwanayo.

"Bwana, anga ndi apakati. Mwana wanga asamangidwenso. Koma asamasutire pomwe anthu akudikira basi, pomwe pali ana ndi ife odwala. Muwapezere malo awo."

Ali chiyankhulire, diso limodzi la bwanayo linatembenukira khomo la kumanzere, linalo la kumanja. Tayi ija inasanduka lilime, ndipo pampando panali bilimankhwe. A mpingo akakuwa, bilimankhweyo ankayera, a madiredi akakuwa, ankabiriwira.

"Zapakati si kuno," anatero bilimankhwe. "Pitani kwa a zaumoyo."

Ndiye mayi Nangozo anasenzanso kamtolo kaja n'kukwera masitepe omwe ankatsikira pansi. Anapeza mayi wa chovala choyera, waulemu wake, yemwe anawaika chopimira pachifuwa n'kumvetsera nthawi yaitali.

"Muli utsi wa anthu ena m'menemu," anatero.

"Ndiye ndabwerera zomwezo. Mukawauze akuluakulu."

Khosi la mayi uja linayamba kufupika, chovala chinauma n'kukhala chigoba, ndipo mutu unalowa m'kati. Anali kamba. Mawu anachokera m'chigobamo, ngati a munthu ali m'chitsime: "Nkhaniyi tikuifufuzabe. Mudzabwere tikadzamaliza."

Kampope ka mankhwala a mphumu, komwe mayi Nangozo amakamanga pansonga ya chitenje, kanatsokomola. "Musandidalire kwambiri ine, mayi. Ndatsala pang'ono kutha."

Mwadzidzidzi pansi panasanduka fumbi la pa siteji. Wapolisi wina anali kuthamanga uku ndi uku ndi unyolo, akuyesa kumanga utsi. Akati wagwira, utsi unkatulukira m'zala. Thukuta lili kamukamu, anaima pamaso pa mayi Nangozo, kolala yake ikuyera, mphuno ikutalika, mpaka anakhala khwangwala wovala nsapato.

"Kale ntchito inali yosavuta," anadandaula khwangwala. "Pano lamulo likuti munthu asute, koma za utsi wake silinanene. Inu ndi amene mwadandaula?"

"Ndangopempha malo awo osutira."

"Utsi ulibe manja, mayi. Koma uyu ali nawo."

Ndiye unyolo uja unati khethe pamikono ya Yotamu. Mayi Nangozo anafuna kukuwa, koma mpweya unakana. Anagwira phiko la khwangwala, nthenga zinatsalira m'manja. Yotamu anawayang'ana ndi maso omwe aja anawayang'ana nawo tsiku la kukhoti.

"Amayi, mwakanena chiyani kumeneko? Mwandipereka?"

"Sindinakupereke, mwanawe. Taona wekha."

Anatula kamtolo kaja n'kumasula mfundo ndi mano. M'katimo munalibe kanthu koma kamphepo kozizira, konga ka m'mawa mvula itangokata. Kanatuluka, kanakankha utsi pang'ono, n'kutsegula kamalo kokwana anthu awiri. Khwangwala anasuzumira, anaona kuti palibe chodya, anauluka ndi unyolo wake.

Anakhala pabenchi awiriwo m'kamalo koyerako. Yotamu anazimitsira ndudu yake pathabwa.

"Aliyense amazimitsira pa ine," linang'ung'udza benchi.

"Mwazungulira maofesi onsewa, amayi," anatero Yotamu. "Ine ndimasutira kuseri kwa tebulo lanu tsiku ndi tsiku. Bwanji osangondiuza ineyo kuti ndisunthe?"

Mayi Nangozo anayang'ana mapazi awo otupa aja.

"Ukasuntha ukasutira komwe sindikukuona. Akakakugwira kumeneko ndidzamva kwa yani? Bola ndizitsokomola ndikukuona."

Yotamu anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Milomo inkagwedera, koma chomwe chinkatuluka chinali phokoso la chitsulo, ngo, ngo, ngo, likukulirakulira mpaka benchi, siteji ndi mwana yemwe zinasungunuka.

Mayi Nangozo anatsegula maso. Kunja kunali kutayera, ndipo amayi a nyumba yoyandikana anali kugogoda ndowa pampopi, akuitana kuti madzi abwera. Mayi Nangozo anakhala tsonga pamphasa, akumvetsera chifuwa chawo chikulira pang'onopang'ono. Kuseri kwa katani Yotamu anali kuliza mkonono, phazi limodzi lili kunja kwa bulangete. Mayi ake anapita pakatanipo kuti amudzutse, amuuze zosuntha zija. Koma madzi a kumeneko sachedwa kusiya. Anamufunditsa phazilo, anatola ndowa ziwiri, n'kutuluka kukaima pamzere.