Mlatho Wothyoka Msana ndi Ziyamiko Zitatu

Usiku watha ndinalota, anzanga, ndipo musafulumire kuseka. Mukudziwa kuti chibwerereni kuchokera ku Leeds, ku Ulaya, komwe ndinatha zaka 27 ndikuyeza milatho ya eni ake, kuofesi amandinena kuti pakamwa panga m'pa lumo. Akuti kuno munthu sumuuza cholakwa usanamudzoze mafuta. Kuno kwake kuti? Kwathu komwe ndinasiya ine aphunzitsi ankakulembera "zopusa" ndi inki yofiira, iwe n'kuthokoza.

Ndiye m'malotomo ndili pa mlatho watsopano, utoto ukununkhabe. Mlathowo unandikoka buluku n'kundinong'oneza kuti msana wake wathyoka, ndipo basi ya ukwati ikubwera, anthu thothotho. Ndiye ndinathamangira kwa bwana Kachiwanda, amene anaumangitsa, koma pakhomo chinanditsekereza chidindo chovala jekete.

"Ziyamiko zitatu kaye, achimwene," chinatero. "Chodzudzula chimalowa pambuyo, chitavula nsapato."

Ndinalowa, ndinayamika utoto. Mwadzidzidzi bwana anamera nthenga m'khosi. Ndinayamika tayi, ndiye anasanduka nkhukundembo yathunthu, ikufufuma, mchira wadzaza ofesi yonse. Pawindo nthungululu za ukwati zikuyandikira. Chachitatu chinandisowa. Ndinapisa m'thumba, ndinangopezamo tikiti yakale ya kanema, wa m'nyumba ija lero akugulitsiramo matayala. Ndiye ndinayamika malemu amayi awo, omwe sindinawaonepo n'komwe.

"Koma bwana, mlathowo..."

"Mwamva?" inatero nkhukundembo kwa alembi ake, amene tsopano anali mbuzi ziwiri zikubzikula lipoti langa. "Ngakhale wa ku Ulaya wavomereza. Lembani."

Ndiye chidindo chinati popeza chodzudzula chalowa, nditsekerenso ndi chiyamiko china, kuti bwana asapite kunyumba ndi chilonda. Ndinafuna kukuwa kuti anthu aphedwa, imitsani basiyo, koma m'kamwa munkangotuluka uchi wokhawokha, ukudonthera pa simenti, tho, tho, tho.

Ndinadzidzimuka. Tho, tho, tho: mvula ikudonthera m'beseni pafupi ndi bedi, kudzera padenga lomwe anakhoma alamu anga a Lufeyo sabata yatha. Ndinaona tsiku lomwelo kuti misomali aikhoma m'ngalande za malata, momwe mumayenda madzi, m'malo mwa pamsana. Ndiye ndinayamba mwa chikuno, ndinawauza kuti ali ndi dzanja la mmisiri, makwerero akwera ngati mnyamata. Pamene ndinkameza malovu kuti ndifike pa misomali, iwo anali atakwera kale njinga, akundilonjeza kuti abweranso kudzakhoma khitchini.