Ufa Pasuti ya Kasembe

Pali manyazi ena oti ukagona amatha. Anga awa ndagona nawo, ndadzuka nawo, mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Jumbe azimayi a tomato amakuwa, "A Banda, ufa ulipo?" Ndiye bola ndikuuzeni ndekha, chifukwa akakuuzani ena athiramo mchere wambiri.

Ine kwathu ndi ku Katete. Ndinatsikira kuno kuchigwa kudzagulitsa ma spare a njinga, ndipo ndinakwatira konkuno. Tisabisane, ndine mkamwini. Nyumba yanga ili pamalo a alamu anga a Sakala, alongo ake a mkazi wanga. A Sakala ndi skauti, aja olondera nyama m'tchire. Munthu wamtali, wosaseka. Mano awo ndimawaona pokhapokha akamayasamula.

Koma munthu aliyense ali ndi pofewa pake. Pofewa pa a Sakala ndi jezi yofiira ya namba 9, ya Kasembe. Achinyamata simungamudziwe, koma Kasembe anali striker woopsa wa timu ina ya ku Copperbelt, masiku omwe mpira tinkaonera ndi makutu pa wailesi. Jeziyo a Sakala anaigula ali mnyamata, ndipo imakhala mupulasitiki pansi pa sutikesi. Ngakhale pa Khisimisi saivala.

Ndiye kunamveka kuti lodge ina ya ku Mfuwe yakonza mpira wa maskauti ndi aphunzitsi pa ground ya sukulu, ndipo mlendo wolemekezeka ndi Kasembe mwini wake. Aliyense wofuna kuti amusainire azipereka fifite kwacha, ndalamayo igulire matimu a m'midzi mipira. Tsoka lake, sabata imeneyo a Sakala anali pa patrol.

Anandiitana asananyamuke.

"Alamu."

"Wawa."

"Jezi iyi. Fifite iyi. Asaine kumsana, pamwamba pa namba. Ikabwera ndi banga lililonse, tidzakambirana."

Abale anga, "tidzakambirana" wa a Sakala si wa tiyi ayi. Mkamwini wina wa m'banja lomweli anakambirana nawo, pano akukhala kwa amake ku Petauke.

Loweruka ndinakwera njinga, jezi ili m'chikwama. M'njira mtima unayamba kundivuta. Fifite kwacha kuti munthu alembe dzina lake lomwe? Ine dzina langa ndalemba kuchipatala, ndalemba ku koparetivu ya feteleza, palibe anandipatsapo ngakhale ngwee! Iye dzina lake lili ndi shuga?

Ndili m'maganizo amenewa, fungo la nyama yootcha linandigwira pakhosi pafupi ndi chigayo. Ndinangoti ndiime ndipereke moni. Moni uja anatha ndi mbale ya mbuzi ya tsabola ndi chakumwa chozizira, kenaka china chotsukira mkamwa. Pomwe ndimapukuta milomo, fifite ya alamu inali itasamukira m'mimba mwanga.

Mantha anandigwira, ndisaname. Koma nditayang'ana azimayi otuluka m'chigayo ali mbuu, nzeru inandifikira. Ndinaseka ndekha. Chimbuya!

Kwa amene simukudziwa, ife a kum'mawa ndi Abemba ndife ambuya. Timatukwanana mwachisangalalo. Iwo amati ife timadya mbewa, ife timati iwo amadya anyani. Pamaliro, paukwati, mbuya akhoza kukuthira ufa kumutu, kukulanda chipewa, ndipo sukwiya, umangoseka n'kuwombola katundu wako. Chachikulu n'chakuti mbuya akafuna chinthu kwa mbuya mnzake, amangotenga.

Nanga Kasembe si Mbemba? Dzina lomwelo ndi la Chibemba. Timu ya ku Copperbelt. Pa wailesi ankalankhula Chibemba chokhachokha ngati akumwa madzi. Umboni wina wotani?

Ndinapempha ufa pang'ono kwa mayi wina, ndinauthira mukapulasitiki. Umenewo unali waulere. Ndinaona kuti tsikuli Mulungu ali mbali yanga.

Pa ground panali anthu osaneneka. Mpira unali pa half time. Pansi pa mtengo wa mango anaika tebulo, ndipo pamenepo panakhala Kasembe, tsopano wa imvi ndi kamimba, atavala suti yakuda yonyezimira. Pambali pake panali mayi wina wojintcha wa kulodge, atamanga duku lalikulu, akulandira ndalama. Pamipando yakutsogolo panali a khansala, a hedi, nduna za mfumu ndi azungu awiri a makamera. Mzere unali utafika mpaka kuchimbudzi cha sukulu.

Ine ndinadutsa onsewo chifuwa patsogolo.

"A Banda, line!" wina anakuwa.

"Mbuya saima pa line!" ndinayankha.

Nditafika patebulo ndinaponya jezi, n'kukweza mawu kuti ndi a kumbuyo omwe amve.

"Iwe wodya anyani! Kwanu atha eti? Wabwera kudzamaliza athu a m'paki?"

Kasembe anatukula mutu, anayang'ana kumbuyo kwake, kenaka anandiyang'ana ine.

"Pepani bambo, mukunena ine?"

Chinyanja chake chinali choyera bwino, chopanda chilema. Munthu wanzeru akanaima pomwepo. Ine ndinangoti mumtima, taonani Abemba kuchenjera, wafika dzulo lomweli waba kale chilankhulo!

"Ndikunena iwe, kapolo wanga! Maskauti, muwerenge anyani onse munthu uyu asanakwere ndege!"

Anthu ena anaseka. Kuseka kwa anthu n'koipa kuposa kachasu, abale. Ndinamva mutu ukukula.

Mayi wa duku uja anatambasula dzanja. "Fifite, tate."

"Mayi, khalani pambali, izi n'za akuluakulu. Mbuya salipira. Iwe, saina apa msanga, kumsana, pamwamba pa namba. Ulembe bwino, osati ngati nkhuku yapalasa!"

"Bambo," anatero Kasembe mofatsa, "ndikuona ngati pali..."

Sindinamulole kumaliza. Ndinapisa m'thumba, ndinatapa ufa dzanja lodzaza, phwaa! Kumaso, kumutu, pasuti yonse.

Zii.

Ground yonse inazizira. Wogulitsa ma freezit anasiya kuitana. A khansala anaima ndi botolo la madzi pakamwa. Chomwe chinkamveka ndi makamera a azungu aja, tcha, tcha, tcha.

Kasembe anapukuta maso pang'onopang'ono, anatsokomola, kautsi koyera kanatuluka m'mphuno.

"Bambo, kwanu ndi kuti?"

"Ku Katete!" ndinayankha monyada, ndikudikira kuti anditukwane za mbewa.

"Ku Katete chakuti?"

Ndinatchula mudzi wathu.

"Pali dambo kumunsi kwa mudzi wanu, lija la misale?"

"Lilipo." Mawu anga anayamba kuchepa.

"Kutsidya kwa dambo limenelo ndiye kwathu. Ine ndine Phiri. Bambo anga anapita kumigodi ndili wakhanda, ndinakulira komweko. Kasembe ndi dzina limene anandipatsa masapota. Mbewa, bambo, ndimadya kuposa inu."

Mayo ine! Ndinalakalaka njovu itatuluka m'tchire n'kundinyamula. Chimbuya panalibe. Panali chabe munthu wamkulu, bambo wa ana, amene watukwana mlendo wolemekezeka, m'bale wake wa dambo limodzi, n'kumuthira ufa pamaso pa nduna za mfumu.

Maskauti awiri ovala nsapato za mpira anandigwira lamba kumbuyo. Ndinaima ndi zala za kuphazi.

"Aa, si alamu awo a Sakala awa?" anatero mmodzi.

"Si ine!" ndinayankha. Mpaka pano sindidziwa chomwe ndimatanthauza.

Pamenepo mayi wa duku anadzuka. Anadzuka pang'onopang'ono, mpando unapuma.

"Musiyeni," anatero. "Uyu ndi wanga."

Maskauti anandisiya. Ndinati mwina Mulungu watuma mngelo.

"Tate, mumafuna Mbemba? Ndine pano. Bana Mwila, wa ku Kasama, wosasakaniza. Mwandiuza kuti ndikhale pambali, ndinakhala. Tsopano chimbuya mwachiyamba nokha, tiyeni tichimalize, wodya mbewa iwe!"

Anthu anaphulika. Azimayi nthungululu! Bana Mwila anatola jezi ya alamu patebulo, anaitambasula, anaiyeza pachifuwa pawo.

"Katundu wa mbuya ndi wanga. Indikwana iyi."

Abale, jezi ija ndi mayi uja zinali zosiyana ngati kapu ndi ndowa. Nditaona akulowetsa dzanja limodzi ndipo ulusi ukulira, ndinagwada. Inde, ndinagwada m'fumbi, pamaso pa makasitomala anga onse.

"Mayi, chonde! Si yanga! Ndi ya alamu anga! Ndine mkamwini!"

"Wombola. Handiredi kwacha."

Ndinapisa m'matumba. Munatuluka sipanala, mavavu awiri a njinga ndi kapulasitiki ka ufa wotsala.

"Ndiye wabwera kudzasainitsa ndi sipanala?"

"Ndalama inali... inachita ngozi m'njira."

"Ngoziyo ikununkha tsabola," anatero akundinunkhiza. Anthu anagwa pansi ndi phwete.

Kenaka anatulutsa dzanja m'jezi muja, anaiyala bwinobwino patebulo, msana m'mwamba. Mtima wanga unatsikako.

"Chabwino, ndakumvera chisoni. Wanena kuti ukufuna chiyani? Mbemba akusainire ulere, si choncho?"

"Ee, koma..."

"Kumsana, pamwamba pa namba?"

"Mayi, dikirani!"

Anatenga chimarker chakuda chosainira m'manja mwa Kasembe, anachivundukula ndi mano, n'kulemba kuchokera phewa ili kufika phewa linalo, zilembo zazikulu ngati za pa minibasi: BANA MWILA. Anajambulanso kaduwa kumapeto.

"Ndalemba bwino? Si ngati nkhuku yapalasa?"

Ndisanayankhe, anatenga ufa wotsala uja n'kundikhuthulira pamutu, nautikita bwino mpaka m'makutu.

Kasembe anali akuseka mpaka misozi ikutsegula tinjira m'ufa wa kumaso kwake. Nditaona kuti mtima wake wafewa, ndinayesa mwayi womaliza.

"A Phiri, abale anga, a dambo limodzi. Ngakhale pakona chabe, tizilembo tiwiri."

"Fifite, m'bale wanga," anatero akukunkhumula suti. "Ine ndakukhululukirani, koma wochapa suti iyi si wa ku Katete."

Ndinabwerera kunyumba ndili mbuu ngati ndagona m'chigayo. Agalu a m'mudzi, omwe amandidziwa bwino, anandiuwa. Mkazi wanga, amake Tisa, ndinawapeza atakhala pakhonde, foni ili m'manja. Vidiyo ya zonse za ku ground inali itafika kale ine ndisanafike.

"Amake Tisa, mundithandize."

"Ine? Pomwe mumadya mbuzi munandiitana?"

Ndinachapa jezi ija ndi sopo. Ndinathira mandimu. Ndinayesa parafini. Chomwe chinasuluka ndi kufiira kwa jezi, koma Bana Mwila anangokhala phee, akuwala kuposa kale. Sabata yonse chakudya sichinkatsika. Ndinayamba kuyang'ana katundu wa m'nyumba, kuona amene angakwane pa keriyala ya njinga.

A Sakala anatuluka m'tchire Lachisanu. Kumene anali kulibe network, ndiye m'chigwa monse anatsala iwo okha osadziwa. Asanavule ngakhale majombo, anandiitana pansi pa mtengo. Amake Tisa anapeza chifukwa chopitira kumjigo ndi ndowa yodzaza kale.

"Alamu."

"Wawa."

"Anasaina?"

"Ku... kusaina kokha kunachitika."

Ndinapereka pulasitiki ndi manja awiri. Anatulutsa jezi mwaulemu ngati akunyamula khanda. Anaitembenuza. Anawerenga. Anaitalikitsa pang'ono, anawerenganso. Anayang'ana kaduwa kaja nthawi yaitali. Ine thukuta linali likutsika mpaka m'masokosi.

"Bana Mwila," anatero motsitsa.

"Wawa."

"Timu imeneyi ndimaidziwa yonse, ndi a pa benchi omwe. Ameneyu ankasewera pati?"

Kunama kunali kutandithera.

"Difenda, alamu. Ine anandigwetsa ndisanaone n'komwe golo."

A Sakala anapinda jezi yawo mwakachetechete, anaibwezera mupulasitiki.

"Mukadye kaye, alamu," anatero. "Tikambirana."

Nyumba sanandilande, tithokoze Mulungu. Koma chaka chimenecho amene anagona pansanja kupirikitsa njovu m'munda wa a Sakala, kuyambira chimanga chili m'mawondo mpaka kukolola, ndi ine, ndipo ndinagwira ulere.

Musanathire munthu ufa, abale anga, yambani mwamufunsa kwawo.