Mfundo ya Bwato pa Buluku Langa

Anthu a kwa Mbenje akandiona masiku ano amayamba afunsa ngati ndanyamula mpeni. Sindiwakwiyira. Ndinaziputa ndekha.

Kale ndinali munthu wa thupi, moti eni mabwato ankandikhazika pakatikati ngati thumba la chimanga. Shuga atandigwira, mwana wanga wa ku Joni anandiitana, madokotala a kumeneko n'kundichepetsa chifu. Ponditulutsa anandichenjeza kuti ndizidya pang'onopang'ono, zotsekemera ndi zamafuta ayi, apo bii m'mimba mudzatseguka mosaodira. Malangizowo ndinawawerenga mpaka kuwaloweza (ine kuwerenga ndimakonda, ngakhale nyuzi yokulungira zitumbuwa sindiitaya). Kutsatira ndiye nkhani ina.

Nditabwerera kumudzi, Zuze, mwana wa mlongo wanga, msodzi, anandipempha kuti ndikamuyankhulire ukwati kwa a Alufandika, bambo a mtsikana amene ankamufuna. Mkuluyu sachedwa kupsa mtima. Mnyamata wina anamukaniza mwana wawo yemweyo chifukwa nkhoswe yake inasiya chakudya m'mbale.

"Amalume, chonde, chilichonse akakupatsani mukamalize," anatero Zuze.

Vuto loyamba linali suti. Buluku langa lakale tsopano munkatha kulowa anthu awiri, lamba naye mabowo anali atamuthera. Zuze anatenga chingwe cha ukonde n'kundimanga nacho m'chiuno.

"Mfundo iyi ndi yomangira bwato padoko. Ngakhale Shire asefukire, siimasuka."

Ine n'kumuthokoza, anthuni.

Titafika anatilandira bwino. Kunabwera thobwa lothira shuga ngati munda wonse wa nzimbe wathera m'menemo, kenako mpunga ndi mlamba wosambira m'mafuta. Ndinakumbukira dokotala. Ndinayang'ananso maso a a Alufandika. Dokotala anali ku Joni, a Alufandika anali pompo. Ndinaseta mbale.

Ndinaimirira kuti ndiyankhule, ndipo ndinayamba bwino zedi, mwambi pamwamba pa mwambi. Ndili pakati, m'mimba munalira ngati mvuu m'bango. Thukuta kamukamu (kwathu kumatentha, koma ili silinali la dzuwa). Ndinapepesa n'kulowera kuseri, ndikuyenda ngati kakowa pamatope.

Kuchimbudzi ndinafika. Koma mfundo ija! Zikhadabo zinalephera. Mano sanafikepo. Kukoka, ndiye ngati ndikuilimbitsa. Ndinabwerera pabwalo liwiro.

"Mpeni! Ndipatseni mpeni!"

Amayi anabalalika. Amuna anadzambatuka.

"Mpeni pa ukwati?" anakalipa a Alufandika. "Takulakwirani chiyani, bambo?"

Ndinangokweza jekete n'kuloza m'chiuno. Mkulu uja, amenenso anakulira m'bwato, anawerama n'kuyamba kuiyang'ana mfundoyo modekha ngati akugula ng'ombe.

"Wamanga ndani?"

"Zuze. Dulani!"

"Pyadidi, zabwino zedi! Tabwerani muone, inu. Ana a lero amadziwanso zimenezi?"

Anthu anandizungulira. Wina anaikokako kuti ayese kulimba kwake. Ine ndili gwedegwede, kuvina popanda ng'oma.

Pomaliza anaidula ndi mpeni wotumbulira nsomba, buluku n'kutsika lokha mpaka m'mapazi. Ngati ndinafika kuseri kuja nthawi yabwino kapena ayi, musandifunse. Ndingoti nkhani tinamaliza ine nditavala chitenje cha mayi a mtsikanayo, ndikumwa madzi a mchere pang'onopang'ono.

A Alufandika anapukuta misozi ya kuseka nati, "Mnyamata womanga chonchi banja silingamupulumuke. Komanso nkhoswe yotilemekeza mpaka kufika apa sitinaionepo. Mwanayo tengani."

Lero mabuluku anga onse ndi a lasitiki, ndipo pamsonkhano ndimakhala chakumapeto. Pa tsiku la ukwati wa Zuze, mayi aja anabweranso ndi chikho cha thobwa, akumwetulira. Malangizo onse ndinawakumbukira bwinobwino. Ndinayamba ndafunsa kumene kuli chimbudzi, kenako n'kulandira ndi manja awiri.