Dongo la a Chinyambita

Bambo aja ankanyambita dothi, osati mobisa ayi. Mukuyenda nawo mumsewu, akangoona pamene akumba ngalande, ankagwada n'kutapa ndi chala, lilime panja. N'chifukwa chake tonse ku labotale tinkawatchula a Chinyambita, ngakhale anali katswiri wa kemisitiri wa mapepala ake.

"Labwino limamata lilime," ankatero.

Pafakitale pathu timapanga mafuta onunkhira. Kuti mankhwala agwirane msanga timathira asidi, ndipo zotsala zimathera mumtsinje wakuseri, momwe amayi amachapira. Zimenezi zinkawadya mtima a Chinyambita. Ankafuna dongo lilowe m'malo mwa asidiyo. Ankalitsuka, kuliviika m'mankhwala, kuliwotcha, kenako kulithira m'botolo kuti lifulumizitse ntchito popanda kuwononga madzi. Linkagwiradi, koma kamodzi kokha. Kachiwiri linkangokhala phee.

"Dongo lanu latopanso?" abwana ankawaseka.

"Inunso mumatopa, bwana, koma sitikutayani kumtsinje."

Akazi awo ndiye anaona zakuda. Tsiku lina anafika ku labotale mkwiyo uli m'khosi.

"Auzeni anzanuwa! Mu uvuni mwanga muli zibuma. Ndikachapa jekete yawo, beseni limasanduka dambo!"

Paukwati wa mwana wawo, a Chinyambita anasowa pa nthawi yojambula zithunzi. Tinakawapeza kuseri kwa holo, mawondo a suti ali matope okhaokha, akumwetulira ngati mkwati ndi iwowo.

Atagonekedwa m'chipatala ndinapita kukawaona. Anali atatheratu, koma anandikoka malaya.

"Dongo losatopa lilipo, mnzanga. Kungoti sindinalipondebe."

Sanatulukemo.

Kumanda, pambali pa dzenje, panali mulu wa dothi lotuwa, losalala bwino. Akazi awo anandigwira mkono, misozi ili mbwee.

"Alamu, akanaliona ili, bwenzi atatichititsa manyazi pano."

Tinaseka uku tikulira. Anthu atatseka maso kupemphera, ndinatapa ndi chala n'kunyambita. Linamata lilime. Ndinadzaza thumba la jekete.

Masiku ano ku labotale kuli zii. Pansi ndi poyera, uvuni ndi wozizira, ndipo asidi akutsikirabe kumtsinje. Ndimawasowa kwambiri bambo aja.

Dongo lija ndinalitsuka, ndinaliwotcha, lili m'botolo pawindo. Mawa ndiliyesa, ndimatero tsiku lililonse. Sindiopa kuti likana. Ndimaopa kuti ligwira kachiwiri, kachitatu, ine n'kutembenuka kuti ndiwauze.