Chitsulo cha M'mankhwala a Apongozi

Amene akuti ndikunama aimirire ndimuone nkhope! Iwe Faustino, mwana wa mlongo wanga, ukuseka chiyani? Ine ndinatulutsa chitsulo m'mankhwala a m'mimba ndi manja awiriwa, masiku amene munthu sunkakwera basi wopanda khadi la chipani, ndipo ndikulumbira pali amayi anga amene anagona ku Mtengowanthenga.

Ndinali mkamwini kufupi ndi Kasakula. Apongozi anga aamuna ankavutika m'mimba, ndiye ankagula ku Mponela mankhwala oyera ngati mkaka, ndipo atamwalira anasiya mabotolo osatsegula odzaza dengu. Alamu anga, anthu ouma mitima, anayamba kunena kuti mkamwini uyu ndi waulesi, angotha chimanga, abwerere kwawo ku Dowa. Ine waulesi? Ine amene ndinakumba migodi ku Joni? Kumigodi komweko mnzanga wosungunula miyala anandiuza kuti m'mankhwala oterewo mumakhala chitsulo chotchedwa bisimasi. Ndinati muona.

Ndinakhuthulira mabotolo onse mumtsuko, ndinathiramo asidi wa anthu owotcherera ndowa, ndinadula safuliya ya akazi anga aNaphiri tizidutswa n'kuponyamo, iwo akulira kuti ndiwo aziphikira pati, ndipo mtsuko unayamba kuwira popanda moto, utsi wake unakwera phiri la Ntchisi, unatsikira tsidya linalo, unapha anankafumbwe m'nkhokwe zonse mpaka ku Mponela, nkhuku zikungotola akufa okhaokha. Mukumva? Pansi pa mtsuko panadikha matope akuda. Ndinawatsuka, ndinawasefa pansalu, ndinawayanika, ndinawaika m'chitini pamakala, ndipo atasungunuka ndinayamba kuyengula zonyansa zoyandama pamwamba ndi supuni, kuyengula, kuyengula, mpaka chitsulo chinayera moti nditasuzumiramo ndinaona nkhope yanga ndi nkhongo yomwe.

Zitsulo zina zikamazizira zimachepa. Changa chinafufuma, chinang'amba chitini, n'kuyamba kumera masitepe, ena pamwamba pa anzake, ofiira, obiriwira, achikasu, kukwerakwera mpaka kupitirira denga, moti chaka chimenecho utawaleza sunatuluke ku Ntchisi konse, unachita manyazi. Maginito a m'wailesi ya alamu anga anatuluka okha n'kuthawira kudambo, poti chitsulochi ndi maginito sizionana.

Alamu aja, m'malo mopepesa, anathamangira kwa atcheyamani a chipani kukanena kuti mkamwini akupangira zigawenga zipolopolo. Mukudziwa kuti mawu amenewo ankatanthauza chiyani masiku amenewo? Munthu ankakwezedwa galimoto, osabweranso! Anafika atcheyamani ndi anyamata awo, anandimanga manja kumbuyo, anandimenya pamaso pa akazi anga, ndipo dzino limene linali pamene pali mpata apa linatsalira pabwalo pomwepo.

"Zipolopolo zili kuti?" anakalipa atcheyamani.

"Bwana, awa ndi mankhwala a m'mimba. Ngati mukukayika, nyambitani."

Ananyambita, mudzi wonse ukuona. Lilime linada bii ngati kunsi kwa poto, ndipo m'mimba munamanga nthawi yomweyo. Anthu anathyola fodya, anaumitsa, anagulitsa, mvula inabwera n'kutha, atcheyamani osamvako n'komwe zofuna kudzithandiza. Ine anandimasula tsiku lomwelo poopa kuti ndiwanyambititsanso, ndipo alamu anga sananditchulenso waulesi, ankandipatsa moni atagwira pachifuwa. Koma chitsulo changa anyamata aja anachikweza pa lole, ati ndi mphatso ya boma. Mbava! Ngakhale kachidutswa konga chikhadabo sanandisiyire. Thukuta langa, dzino langa, safuliya ya aNaphiri, zonse zinapita pa lole imeneyo. Lero inu ana a dzulodzulo mukuti tionetseni. Ndikuonetseni chiyani anthu atandibera dzuwa likuswa mtengo?

Ngati mukufuna umboni, kwerani ku Kasakula mukafunse nyumba ya malemu atcheyamani. Kuseri kwake kuli chimbudzi chimene anakumbitsa chaka chomwecho. Mpaka lero n'chatsopano.