Njinga ya Amayi Inandiponya M'munda wa Mtedza

Mpaka lero ndikafika pa tchalitchi cha kwathu ku Kasenengwa, azimayi ena amabisa nkhope m'chitenje kuti ndisaone kuti akuseka. Sindiwaimba mlandu. Akanakhala wina amene zinamuchitikira, ine bwenzi ndikuseka poyera.

Amayi anga, omwe aliyense ankawatcha aphunzitsi Mayi Sakala, anaphunzitsa pa pulayimale ya kumudzi kwathu mpaka imvi. Loweruka ankasesa m'tchalitchi ndi kuphunzitsa katekisimu, Lamulungu masana ankazonda odwala. Maulendo onsewa ankayenda pa njinga imodzi yakuda, yolemera ngati ngolo. Ife ana awo tinakulira pa kaliyala yake.

Chaka chitatha chimwalirireni, tinakonza misa yowakumbukira. Achemwali anga aakulu, a Rozina, ndiwo ankayendetsa zonse, ndipo ine anandiuza kuti ndidzalankhule m'malo mwa banja. Ntchitoyo inali yondikwanira, koma ndinafuna kuonjezerapo.

"Ndidzafika pa tchalitchi nditakwera njinga ya amayi," ndinatero. "Anthu akaiona adzakumbuka."

A Rozina anandiyang'ana kuyambira kumutu, maso awo n'kukaima pamimba. "Achimwene, njinga munakwera liti komaliza?"

"Ndine wa ku Chipata ine. Kuno timabadwa tikupalasa."

(Zoona zake n'zakuti chiyambireni ntchito ya mu ofesi m'tauni, chomwe ndimayendetsa ndi mpando wozungulira basi.)

Tsikulo ndinavala suti yotuwa yomwe ndinasoketsa ndidakali wowondako. Ndinapopa matayala, ndinapukuta fumbi, ndinayesa belu, likulira bwinobwino. Mabuleki okha ndiwo sindinayese.

Kuchoka kunyumba kupita ku tchalitchi msewu ndi wotsetsereka. Poyamba zinkakoma, kamphepo kakulowa m'jekete. Ndinaona khamu pabwalo, a kwaya atafola, ansembe atavala kale zoyera. Ndinaliza belu, anthu anacheuka, azimayi anayamba nthungululu. Ine ndinakweza dzanja ngati phungu wopambana chisankho. Kenako ndinafinya buleki yakumanja. Inangofika pa handulo osagwira kanthu. Ndinafinya yakumanzere, chimodzimodzi.

Apo ndi pamene ndinazindikira chifukwa chomwe nsapato imodzi ya amayi inkathera msanga kuposa inzake: ankaimitsa njinga poponda tayala lakutsogolo. Ndinayesa nanenso. Nsapato yanga yosongoka inavuka n'kuulukira kwa a kwaya.

Ndinadutsa ansembe ndikuwapatsa moni (amayi anatilera aulemu), ndinadutsa khomo la tchalitchi, ndinadutsa mjigo, n'kulowa m'munda wa mtedza wa akatekisiti. Njinga inaima pa mzere woyamba. Ine ndinapitiriza ulendo ndekha. Potera ndinamva buluku likung'ambika kumbuyo, kuyambira palamba mpaka kumene sindingatchule.

Azimayi a bungwe lomwe amayi ankatumikiramo anathamanga n'kundizinga. Wapampando wawo, mayi Mwale, anavula chitenje chapamwamba n'kundimanga m'chiuno.

"Musadandaule, mwana wa aphunzitsi," anatero. "Zomwe taonazi taona tokha."

Ndinafuna kuthawira kunyumba. Ndinanong'oneza a Rozina kuti alankhule ndi iwo.

"Amayi anajombapo kusukulu chifukwa cha matope?" anandifunsa. "Lowani."

Misa itatsala pang'ono kutha, ndinaima kutsogolo: kumtunda jekete, kumunsi chitenje, dothi m'khutu. Mawu onse amene ndinaloweza anatsala m'munda muja. Ndinangolankhula zomwe zinabwera.

"Mwaona nokha kuti njinga ija ine yandikana. Koma ndifunseko: alipo muno amene anakwezedwapo pa kaliyala yake?"

Kenako mayi wina anaimirira kumbuyo, n'kunena kuti ndi namwino m'tauni, ndipo kuti aphunzitsi anamunyamula kukalemba mayeso mwendo wake utatupa. Anaimiriranso bambo wina wamkulu thupi, woyendetsa malole odutsa malire a dziko pa Mwami. Iye anati ankathawa sukulu kukatchera mbewa, ndipo njingayo inkamupeza kudambo n'kumubweza m'kalasi akulira. Mlimi wina wa ku Chipangali anati mkazi wake anafika ku chipatala pa kaliyala yomweyo matenda a uchembere atamuyamba, n'kuloza mwana wobadwa tsikulo, mnyamata wandevu amene anakhala pambali pake.

Atatero anthu sanadikirenso kulankhula. Ankangoimirira, benchi ndi benchi, agogo ogwira ndodo ndi achinyamata a mafoni m'manja, mpaka okhala pansi anachepa kuposa oimirira. A kwaya anayambitsa nyimbo yomwe amayi ankaikonda popanda wowauza, tchalitchi chonse n'kuilandira. Ng'oma zinalira, azimayi anatuluka m'mabenchi akuvina. A Rozina ankalira uku akuseka. Inenso ndinavina, dzanja limodzi litagwira mfundo ya chitenje.

Potuluka anandiimitsa akatekisiti, eni munda aja, nkhalamba yolankhula mosapupuluma.

"Amayi anunso anagwera pamene paja sabata yomwe anagula njingayo," anatero. "Ndinaona ndi maso anga. Anadzuka, anadzisasa, n'kukafika m'kalasi belu lisanalire."

Mtima wanga unasefukira. Ndinati ndiye kuti ndawatsata ndithu.

"Pang'ono," anayankha akatekisiti. "Iwo madzulo ake anabwera ndi khasu kudzakonza mizere."

Loweruka lotsatira ndinali m'mundamo ndi khasu langa, matuza ali m'manja monse. Ndinapita wapansi.