Pampu ya pa Njinga ya a Levisoni

Lolemba

Andisankha ine! Ine!

Ndiyambe bwinobwino. A Levisoni, anzawo a achimwene, a kabaza aja a njinga yamoto yofiira, abwera kwathu masana ano ine ndili pakhonde kusankha nyemba. Loweruka ali ndi mpikisano ndi a Kamwendo, mnzawo wa pasiteji: kuchoka pa mlatho kukafika pamwamba pa chikweza cha ku chigayo. Wopambana aziimika njinga pansi pa kachere, pomwe minibasi ya ku Lilongwe imatsitsira anthu. Wolephera azikaima padzuwa, kufupi ndi chimbudzi cha msika.

Njinga ya a Kamwendo ndi yatsopano. Ya a Levisoni ikamakwera mtunda imatsokomola ngati nkhalamba ya chingambwe. Koma aona kanema pa foni. Akuti kunja magalimoto a mpikisano amawaika pampu yokoka mpweya m'mimba mwa injini, mmene mumakhala oyilomo. Achimwene andifotokozera chonchi: pisitoni ikamatsika imakankhana ndi mpweya wodzadza m'katimo, ngati munthu wothamanga atakhuta mbatata. Ukachotsa mpweyawo injini imapepuka.

Pampu yotere kuno kulibe. Ndiye atenga ya njinga yakapalasa, atembenuza kachikopa ka m'kati kuti izikoka m'malo mouzira. Koma pafunika munthu wokhala kumbuyo, azipopa njira yonse. Wopepuka. Wosaiwala.

A Levisoni ayang'ana mimba ya achimwene. Kenako ayang'ana ine. "Achemwaliwa ndi osamala. Taonani nyemba zawo, mulibe kamwala."

Aona nyemba zanga!

Ine ndayankha kuti "Ee." Basi. Chiyambireni kubwera kwathu, mawu amene ndawauzapo ndi awa:
ee
zikomo
kulibe, apita kumunda

Sabata ino zisintha. Lisanafike Lamulungu ndiwauza chiganizo chathunthu, cha mutu ndi mchira, choti akachimva adziwe za mumtima mwanga. Ndikhala nawo pa mpando umodzi. Ndikalephera apa, ndidzakalambira pakhonde ndi nyemba.

Lachiwiri

Amayi avomera, koma atapuma kaye mpweya wautali. "Mwana wa kwaya pa njinga ya mpikisano!" Malamulo awo:
ndikhale cham'mbali ngati mwana woleredwa
chitenje chifike m'mapazi
ndisagwire m'chiuno mwa mwana wa eni

Ndavomera zonse. Lomalizali landiwawa pang'ono.

Achimwene aboola chotsekera cha oyilo, alowetsamo paipi ya sipuleya ya tomato, amanga ndi malegeni. Mbali inayo ili pa pampu. Ndayesa pachikhatho. Ikukoka! Yandisiyira kachizindikiro kozungulira, ndakhala ndikukayang'ana.

Koma pampuyo inali yakuda, ya mafuta okhaokha. Sindingaonekere pa msika ndi chinthu chotere. Ali ku nkhomaliro ndaimasula, ndachapa chilichonse ndi sopo, ndayanika padzuwa. Yawala!

Sikukokanso. Ikungoti fyo, fyo.

Achimwene: "Iwe, girisi uja anali wa ntchito! Ungachape ndi petulo yemwe iwe!"

Girisi watha m'nyumba. Ndabweretsa mafuta anga odzola, a pa Lamulungu aja. Kachikopa kafewa, pampu yatsitsimuka. Tsopano ndikapopa pamatuluka fungo la maluwa. A Levisoni anunkhiza m'mwamba, ati, "Mwapsa chiyani chokoma muno?"

Njinga yawo ikununkhira ine! Chiganizo chinafika pakhosi. Chatuluka ndi "zikomo."

Lachitatu

Ulendo woyamba. Ndakhala cham'mbali monga anenera amayi, miyendo pamodzi, pampu pamwendo. Manja onse awiri ali pa pampu. Chogwirira palibe. Izi sitinaziganizire.

Kuti ndisasokoneze kapopedwe ndikuimba chamumtima nyimbo ya kwaya, ya pa chopereka ija. Kukoka, kukankha. Kukoka, kukankha. Tadutsa nyumba ya aphunzitsi bwinobwino. Tafika pokhota. Njinga yakhotera kumanja, ine ndapitirira molunjika.

Mwamwayi pali mulu wa makoko a chimanga. Ndagona chagada, pampu ili m'manja, paipi ikulendewera. Chitenje sichinasunthe. Amayi anganyadire.

A Levisoni sanaone. Akwera chikweza chonse okha. Ndawamva akubwerera, hutala pi pi pi, akufuulira achimwene: "Ikugwira! Titangokhota paja njinga yapepuka ngati nthenga! Pampu ija ikugwira!"

Atembenuka kuti andithokoze. Mpando uli mbee.

Andidzutsa ndi manja awiri. Awiri! Andichotsa khoko m'tsitsi. Ndikanafa pomwepo sindikanadandaula. "Mwapweteka, achemwali?" Apa ndiye panali poyambira pabwino. Ndati "ayi." Mawu atsopano, komabe amodzi.

Chigongono chasupuka. Ndikuchinyadira.

Lachinayi

Achimwene apeza nzeru. Ndikhale motangadza koma choyang'ana kumbuyo, msana wanga ugundane ndi wa a Levisoni, atimange pamodzi ndi chitenje ngati mwana wobereka. Amayi aganiza nthawi yaitali. Ati m'chiuno sindikugwiramo, ndiye lamulo silinaswedwe. Koma ndivale buluku la achimwene m'kati. Ndalipinda katatu m'chiuno, ndamanga ndi luzi.

Msana wawo ndi wofunda! Akamasintha giya ndikumva phewa likuyenda. Sindilemba zambiri, tsambali lingapse.

Vuto: munthu woyang'ana kumbuyo amaona aliyense amene wamudutsa, ndipo onsewo amamuona nkhope. Msika wonse. Amayi ogulitsa zitumbuwa asiya mafuta pamoto. Wa telala watuluka ndi tepi m'khosi. Akuluakulu sindingawadutse osawapatsa moni, koma manja ali pa ntchito, ndiye ndikungoweramitsa mutu. Kukoka, kuwerama. Kukankha, kuwerama. Wina wafuula, "A Levisoni, mwanyamula namwali wopepesa!"

A Levisoni akuti nyimbo ya chopereka ikuchedwa. Ndasintha, ndatenga kolasi ya pa ukwati.

Ndipo lero ndalankhula! Pa chikweza, pomwe njinga imafooka. Ndatseka maso, ndati, "Ine ndikakhala pafupi ndi inu mtima wanga umakhala m'malo." Chathunthu! Cha mutu ndi mchira!

Mphepo yachitengera kumbuyo. Ndatsegula maso. Pali a Chimphepo, akulu a mpingo, akukankha njinga yawo yakapalasa ndi thumba la chimanga, tangowapitirira kumene. Avula chipewa. "Zikomo mwanawe, Ambuye akudalitse."

A Levisoni: "Mwati chiyani kumbuyoko?"

Ine: "Ayi."

Lachisanu

Pampu yayamba kulavula. Timadontho takuda pa bulauzi, kena pamphuno. A Levisoni akuti ndi nthunzi ya oyilo, nawonso a mu kanema amaika kabotolo kogwirira. Achimwene alumikiza kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Ine ndakayang'ana, ndaona kuti n'kakang'ono. Bwanji kakadzadza n'kutayikira pa jekete ya a Levisoni? Ndachotsa, ndaika chigubu cha mafuta ophikira. Ndachitsuka kaye.

Madzulo apita ku siteji kukakambirana za mawa, njinga aisiya kwathu. Ndapukuta mpando, magalasi, masipoko limodzilimodzi. Ndiye ndaona kuti paipi ija yangolowa pang'ono m'chotsekera, ngati nsonga ya chala. Ikhoza kusolotoka pakati pa mpikisano! Amuna ntchito zawo. Ndamasula malegeni, ndaikankhira m'kati mpaka yagunda pansi penipeni, ndamanganso mfundo yanga ya pa mtolo wa nkhuni. Tsopano ngakhale ng'ombe singaizule.

Sindinawauze. Akadzapambana ndidzanena, ndipo chimenecho chidzakhala chiganizo chachiwiri.

Ndasita bulauzi yoyera. Chiganizo choyamba ndachifupikitsa kuti mphepo isachithe mphamvu. Ndidzachinena pamwamba, injini itazima, anthu akuwomba m'manja. Ndayeserera kuseri kwa nkhokwe. Nkhuku zamva bwino.

Ndikungoseka ndekha. Amayi afunsa ngati ndili ndi malungo.

Loweruka m'mawa

Phala silikulowa. Anthu ayamba kale kutsikira ku mlatho, ena achokera ku Chisepo konse. Buluku ndamanga. Mafuta a pampu ndapaka. Lero!

Loweruka madzulo

Ndilemba mwadongosolo, ngakhale zinthuzo sizinachitike mwadongosolo.

Pa mlatho anthu ali bii. A kabaza onse, amayi a zitumbuwa, a Chimphepo nawonso, andimwetulira. Achimwene atimanga mfundo ziwiri. A Kamwendo ayang'ana pampu, ayang'ana chigubu. "Mukukathira tomato pamwambapo?"

Mpango woyambitsira mpikisano wagwa. Tanyamuka!

Ndipo tili patsogolo! Ndikudziwa chifukwa ndikuwaona a Kamwendo, ine ndekha ndi amene ndikuwaona, akumeza fumbi lathu. Mwina anachedwa kuponda giya, kaya. Ndikupopa kolasi ya ukwati, vesi ndi vesi. Pampu yalemera kuposa masiku onse. Ndati eya, lero ndiye ikukoka mpweya weniweni, wonenepa! Ndawonjezera mphamvu. A Levisoni akufuula, "Popani, achemwali, popani!" Ndikupopera moyo wanga wonse.

Chigubu chayamba kufunda pamwendo. Ndayang'ana. Chakuda. Chikudzadza ngati ndili pa mjigo.

Si mpweya. Ndi oyilo. Paipi yanga yomangidwa bwino ija ikumwa pansi penipeni.

Injini yayamba kulira ngati supuni m'poto. Fungo la maluwa latha, pabwera la chitsulo chopsa. A Kamwendo akukula, akukula. Ndikuona mano awo. Atifika, achepetsa liwiro dala. "Mwaswera bwanji, achemwali?" Ndawerama. Ndikanatani?

Pakati pa chikweza injini yati gu. Zii.

A Levisoni akufuna kutsika, sangathe, tamangidwa. Aponda pansi, nsapato yaterera pa miyala. Njinga yayamba kubwerera. Buleki yakutsogolo ikungokwekwesa fumbi. Tikutsika chambuyo, ndiye kuti amene ali kutsogolo tsopano ndine!

Ndakuwa. Ine amene! "Kumanzere! Ayi, kumanzere kwanga! Mbuzi! Mwana wa mbuzi! A Levisoni, mukundimva kodi kapena makutu munasiya ku siteji? Wongolani! Amayi a zitumbuwa chokaniii!" Mawu akungotuluka ngati chimanga chobooka thumba. Sindikudziwa kuti ankakhala kuti zaka zonsezi. Ndipo akundimvera! Ndikati uku, akupita uku!

Tathera m'dimba la kabichi la pafupi ndi mlatho, chogona cham'mbali, chimangidwirebe. Chigubu chatsegukira pa bulauzi. Anthu athamangira. Pamwamba hutala ya a Kamwendo ikuimba.

Tili m'matopemo, achimwene akulimbana ndi mfundo zawo, a Levisoni ati chapansipansi, "Kani mumalankhula?"

Apa! Apa ndiye pake! Khutu lawo lili pafupi, mphepo palibe. Ndatsegula pakamwa.

Mawu atha. Ndakuwa mpaka pakhosi paphwa. Chatuluka ndi fyo, ngati pampu youma.

Lamulungu

Ku kwaya ndangoyendetsa milomo. Mawu sanabwerebe. A Chimphepo andipatsa moni ndi manja awiri pakhomo la tchalitchi, ati amandipempherera masiku onse. Bulauzi ndaiviika kuyambira dzulo. Siyera. Amayi akuti izikhala yopukutira magalasi a nyali.

Injini ili pa chiguduli kuseri, zidutswazidutswa. Achimwene akuti pisitoni yakakamira ngati chikamba cha m'poto. Aona mfundo ya nkhuni ija pa paipi, andiyang'ana, apukusa mutu. Ine ndaloza pachifuwa panga pamaso pa a Levisoni kuti adziwe wolakwa. Sanakwiye n'komwe. Ndikanakonda akanakwiya, bwenzi akundiganizira.

Akusangalala! Akuti kuyambira pa mlatho mpaka pokhota njinga sinathamangepo chonchija chiigulireni. Akuti nzeru ya pampu ilibe vuto. Mawa ayamba kuima padzuwa ndi njinga yobwereka, koma injini ikadzuka adzamuitananso Kamwendo. Apeza kale kamota ka waipa, chopukutira galasi chija, ka minibasi yakufa ku Mponela, kazidzapopa kokha ndi batire.

"Ndiye sitidzakuvutitsaninso, achemwali. Mwazunzika nafe sabata yonse. Muzipuma."

Ndagwedeza mutu kukana. Iwo ayesa ndikuthokoza.

Apita. Ndabwerera pakhonde ndi lichero.

Kamotako akuti kazidzakhala pa mpando wakumbuyo, pomwe ndimakhala ine. Mawu akabwerera ndiwauza achimwene kuti adzakayalire kansanza pansi. Chitsulo cha pamenepo chimatentha dzuwa likakwera.